Mbava za Masiku Ano Zimayamba ndi Odi

Aŵa ndi mau amene mnzathu wina, yemwe wagwira ntchito yosamala makompyuta m'maofesi kwa zaka zambiri, adayankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu la ophunzira akale kuno ku Namitete. Taŵasindikiza monga momwe adaŵayankhulira.

 A komiti adandilembera kuti ndidzanenepo mau pang'ono pa nkhani yoteteza makompyuta ndi mafoni athu, m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono. Adandipatsa mphindi 30, ndipo ndiyesetsa kuti belu la nkhomaliro lisandipeze ndili chiimire.

Ndikamwaza maso m'holo muno ndikuona aphunzitsi aakulu a sukulu za pulaimale, alembi a makopaletivi a alimi a ku Nsaru ndi ku Kabudula, ogulitsa mbeu ndi feteleza pa Mpingu ndi pa Msundwe, ena othandiza mu ofesi ya parishi ku Nambuma, enanso maejenti osinthitsa ndalama za pa foni. Pafupifupi tonsefe tili ndi kanthu kena kamene tidasungitsa m'makina: maina a ana a sukulu ndi malikisi ao, kaundula wa mamembala, ngongole za banki mkhonde, kapena ndalama zenizenizo. Chiyambire pamene Airtel Money idafika mu 2012, Mpamba nkutsatira mu 2013, ndalama zimene kale zinkagona m'chitini kunsi kwa bedi tsopano zimayenda nafe m'thumba la malaya, ndipo chitseko chake ndi manambala anayi okha.

Mfundo yanga ndi imodzi, ngakhale ndizungulira nayo m'malo angapo. Mbava zakale zinkabwera usiku, nkuboola khoma kapena kuthyola loko. Za masiku ano zimabwera dzuŵa lili pamutu, zimapereka odi, ifeyo nkuyankha kuti loŵani. Akatswiri oboola makompyuta alipo ndithu, sindikukana. Koma ndalama zambiri zimene ndaziona zikutayika kwathu kuno zidapita chifukwa mwini wake adapereka kiyi ndi manja aŵiri, mwaulemu wonse.

Ndiyambe ndi zazikulu zimene tonse tidazimva pa wailesi. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi ya boma yoona za anthu oloŵa ndi otuluka m'dziko idaleka kusindikiza mapasipoti, ndipo anthu ankapita ku ofesi nkubwerako chimanjamanja. Pa 21 February chaka chomwecho, Pulezidenti wa nthaŵiyo, Dr. Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta a nthambiyo adaloŵeredwa ndi achiwembu amene ankafuna dipo, ndipo kuti boma silipereka. Kusindikiza kudayambanso mu March. Chiwembu chofuna dipo chimayenda motere: pulogalamu yoipa ikaloŵa m'kompyuta imatseka zolemba zonse ndi loko wake, kotero kuti mwini wake akuziona koma sangathe kuzitsegula, ndipo pa galasi pamabwera mau akuti ukafuna kiyi ulipire.

Chachiŵiri ndi cha 2013, chimene tidachitcha Cashgate. Akatswiri oŵerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly adapeza kuti m'miyezi 6 yokha, kuyambira April mpaka September, ndalama zoposa K13 biliyoni zidatuluka m'boma kudzera m'makina olipirira otchedwa IFMIS. Macheke ankalembedwa kulipira katundu amene sadaperekedwe nkomwe, ndipo pambuyo pake zolembazo zinkafufutidwa m'makinamo. Apa padalibe mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja. Adali a m'nyumba momwemo, okhala ndi makiyi. Nkhani ziŵirizi muzisunge, chifukwa zimene zimagwera ofesi ya chipinda chimodzi pa Nsaru ndi zomwezi, kungoti ndalama zake ndi zochepa ndipo pa wailesi sizimveka.

Wina anena mumtima kuti, “Zimenezo ndi za boma, ine ndili ndi chiyani choti munthu nkuchivutikira?” Achimwene, msodzi woponya khoka sasankha nsomba. Wakuba wa pa foni amatumiza uthenga umodzi kwa anthu mazanamazana, ndipo akakodwa atatu okha tsiku limenelo wadya.

Tsono tibwere pa foni, poti ndi pamene ambiri a ife timalumidwa. Nyengo yake mukuidziŵa: msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza zikayamba kukwera pa sikelo, mafoni a akathyali nawonso amayamba kulira. Njira yakale kwambiri ndi ya ndalama zosokera. Uthenga umaloŵa wonena kuti mwalandira K85,000. Musanamalize nkuŵerenga komwe foni ikuitana, ndipo ndi mayi akulira: “Pepani bambo anga, ndaphonya nambala, ndalamazo ndi za mankhwala a mwana, chonde ndibwezereni.” Munthu woleredwa bwino safuna kudya za mwana wodwala, choncho amabweza msangamsanga. Pambuyo pake ndi pamene amazindikira kuti padalibe ndalama imene idaloŵa. Uthenga uja udalembedwa pamanja kuchokera pa nambala wamba, ndipo K85,000 imene watumizayo ndi ya soya wake yemwe.

Mankhwala ake ndi osavuta. Uthenga musaukhulupirire, funsani makina eni ake. Wa Airtel Money aimbe *211#, wa Mpamba aimbe *444#, aone ndalama zimene zilimo. Ndipo ngakhale mutapeza kuti ndalama zaloŵadi, si ntchito yanu kuzibweza pamanja. Muuzeni woimbayo kuti akadandaule ku kampani, poti kampani ili ndi njira yake yobwezera ndalama zosokera. Wolakwitsadi nambala adzapita. Wakuba adzayamba kutukwana, ndipo pamenepo mwamdziŵa.

Njira ina ndi ya munthu wa mau ofatsa amene amati akuimba kuchokera ku likulu la kampani ya foni kapena ku banki. Amakutchulani dzina lanu lenileni, nkukuuzani kuti nambala yanu itsekedwa lero lomwe ngati simukonza zina ndi zina, ndipo amayamba kukuuzani manambala oti muzidina mmodzimmodzi. Mukamadina, mukutumiza ndalama zanu kwa iye ndi chala chanu chomwe. Ena amabwera m'dzina la Mtukula Pakhomo, ena m'dzina la feteleza wotsika mtengo, ena amati ndi dalaivala amene wanyamula katundu wochokera kwa mbale wanu wa ku Joni ndipo wakodwa pa chipata, pakufunika ndalama ya msonkho. Oipitsitsa ndi aja amene amaimbira kholo kuti mwana wadwala mwadzidzidzi ku sukulu yogonera konko, ali ku chipatala, tumizani ndalama tsopano lino. Kholo lotere lidule foni, liimbire Mphunzitsi Wamkulu pa nambala imene lidali nayo kale. Ndipempha a sukulu yathu kuti nambala imeneyo izilembedwa pa lipoti la mwana aliyense.

Mukaziika pamodzi nkhani zonsezi muona kuti zida zao ndi ziŵiri, liŵiro ndi ulemu. Amakuthamangitsani kuti musapeze mpata wofunsa mnzanu, ndipo mau amene amakonda ndi akuti “musadule foni.” Kenaka amadalira kuti inu, monga Mmalaŵi woleredwa bwino, simungadule mau munthu wamkulu, simungafunse bwana wa ku likulu kuti atsimikize kuti iye ndi yani. Pano ndisamale, poti aphunzitsi athu ali pompano. Iwo adatiphunzitsa kuimirira wamkulu akaloŵa m'kalasi ndi kulandira chinthu ndi manja aŵiri, ndipo adachita bwino. Koma ulemu umenewo udali wa munthu amene tikumuona nkhope, amene tikudziŵa mudzi wake ndi mfumu yake. Mau a pa foni alibe mudzi. Apolisi akhala akunena kuti mafoni ambiri otere amaimbidwa kuchokera m'ndende, makamaka ya ku Zomba. Ganizirani munthu amene ali ndi tsiku lathunthu lopanda ntchito ina koma kuyeseza mau a bwana, pamene inu mwangochokera kumunda, mwatopa, mbuzi zaloŵa m'dimba.

Choncho tiphunzire kukana mwaulemu, ndipo mau ake tikhale nawo okonzeka pakamwa: “Zikomo bambo, ndamva. Ndipita ndekha ku ofesi yanu.” Mukatero dulani. Palibe kampani ya foni, banki kapena ofesi ya boma imene idzakufunsani nambala yanu yachinsinsi, kaya pa foni, kaya pa uthenga. Woifunsa ndi wakuba, ngakhale atadziŵa dzina la agogo anu.

Pa WhatsApp pali msampha wina umene wagwira anthu ophunzira kwambiri, ena a m'magulu athu omwe. Mumalandira uthenga wa manambala 6 umene simudaupemphe. Posakhalitsa mnzanu wodziŵika bwino akulembera kuti, “Achimwene, ndatumiza manambala kwa inu molakwika, tanditumizireni.” Amene akulembayo si mnzanuyo, WhatsApp yake idabedwa kale. Manambala 6 aja ndi kiyi wa WhatsApp yanu, ndipo mukangoŵatumiza, yanunso yapita. Madzulo ake abale anu onse, mpaka a ku Johannesburg, alandira uthenga m'dzina lanu, ndi chithunzi chanu, wopempha ngongole yachangu. Chotchinga chake chilimo kale m'foni mwanu. Mukatsegula Settings, kenaka Account, mupeza pamene alemba kuti Two-step verification. Pamenepo mumaika manambala ena 6 odziŵa inu nokha. Ndi ntchito ya mphindi 2. Facebook ndi imelo nazonso zili ndi loko wachiŵiri wotere.

Ndinenepo za makolo athu, chifukwa ndalama zimene timatumiza kumudzi zimathera m'manja mwao. Mudaonapo pa tsiku la msika agogo akupereka foni kwa ejenti, nkutchula nambala yachinsinsi mokweza, mzere wonse ukumva. Ndipo nambalayo kaŵirikaŵiri ndi chaka chao chobadwa, chimene chidalembedwa poyera pa chiphaso cha unzika chija tidalembetsa mu 2017, chomwe amachisunga m'kachikwama kamodzi ndi foni. Wotola kachikwamako watola nyumba ndi kiyi womwe. Mukapita kumudzi khalani nawo pansi, muŵathandize kusankha manambala ena, muŵaphunzitse kudina okha. Ngati maso adafooka, pakhale mdzukulu mmodzi yekha wodalirika, osati aliyense amene ali pafupi. Inu maejenti amene muli muno, muzitembenuzira foni kwa mwini wake kuti adine yekha. Mudzadziteteza nokha ku milandu. Chinanso, chiyambire kalembera wa manambala a foni mu 2018, nambala iliyonse imamangidwa pa chiphaso cha munthu. Mnyamata akakupemphani chiphaso kuti alembetsere nambala yake, dziŵani kuti chilichonse chimene nambalayo idzachite, apolisi adzayamba kugogoda pa khomo panu.

Tsopano tiloŵe mu ofesi. Ofesi zathu zambiri zili ndi kompyuta imodzi, ndipo mau achinsinsi otsegulira, amene timati pasiwedi, ndi amodzi, odziŵika kwa onse, nthaŵi zina olembedwa pa kapepala komata pa khoma. Timatero chifukwa kubisira mnzako pasiwedi kumaoneka ngati ukumuyesa wakuba. Ndikuuzeni zimene ndidaziona pa kopaletivi ina ya alimi m'boma lathu lino, imene sinditchula dzina. Wapampando, mlembi, msungichuma, ndi mphwake wa wapampando amene ankabwera kudzaonera mpira, onse ankaloŵa ndi pasiwedi imodzi. Itakwana nthaŵi yogaŵa ndalama za mtedza, kudapezeka kuti makilogalamu a mamembala ena adatsika, a ena adakwera. Adandiitana kuti ndipeze amene adasintha. Kompyuta idaonetsa tsiku ndi ola limene zolembazo zidasinthidwa, koma dzina lidali limodzi lomwelo la onse anayi. Mlandu udagwera mlembi, mtsikana amene ankakhala pa kompyutapo nthaŵi zambiri, ndipo adachoka pa ntchito ndi manyazi popanda umboni uliwonse womutsutsa kapena womupulumutsa. Kopaletiviyo idagaŵikana paŵiri chaka chomwecho.

Nchifukwa chake ndimati pasiwedi ya yekha imateteza wosalakwa koposa momwe imagwirira wolakwa. Aliyense wogwira ntchito pa kompyuta ya ofesi akhale ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Munthu akachoka pa ntchito, kaya mwamtendere kaya mokangana, khomo lake litsekedwe tsiku lomwelo, ndipo pasiwedi ya imelo ya ofesi isinthidwe. Imelo ya ofesi ndi nambala yolandirira ndalama za gulu zisamangidwe pa foni ya munthu mmodzi amene maŵa akhoza kusamukira ku Mzuzu. Ndipo ana akafuna maseŵera kapena mafilimu, kompyuta imene muli kaundula wa anthu si malo ake.

Pasiwedi yabwino ndi yotani? Anthu amaganiza kuti iyenera kukhala ya zilembo zosokonekera zimene mwini wake yemwe amaziiŵala pofika Lachiŵiri. Chofunika kwambiri ndi kutalika. Makina a akuba amayesa mau mamiliyoni pa kanthaŵi kochepa, ndipo amayamba ndi 123456, maina a anthu, zaka zobadwa ndi maina a matimu a mpira. Tengani mau anayi kapena asanu a Chicheŵa amene sagwirizana, monga khasu, mphenzi, chigumu, bulugama, muŵalumikize, muikepo manambala pang'ono. Nzosavuta kukumbukira, koma nzovuta kuzilota. Ameneŵa okha musaŵatenge, poti holo yonse yaŵamva. Pasiwedi imodzi isatsegule makomo onse; ya imelo makamaka ikhale yakeyake, chifukwa wolanda imelo amatha kusintha mapasiwedi ena onse kudzera momwemo. Ena amaletsa kulemba pasiwedi pa pepala. Ine sindiletsa. Kabuku kotsekeredwa m'sutikesi kunyumba nkabwino kuposa pasiwedi imodzi yofooka yogwiritsa ntchito paliponse, poti wakuba wa pa intaneti sangatsegule sutikesi ya ku Kabudula.

Kwa inu ogula katundu wambiri, monga feteleza ndi mbeu, mau amodzi okha. Mukalandira imelo kapena uthenga wonena kuti kampani imene mumagulako yasintha akaunti ya ku banki, musalipire musanaimbire munthu amene mumamdziŵa kumeneko, pa nambala yakale, osati imene yalembedwa mu uthengamo.

Mavairasi kwathu kuno sayenda kwambiri pa intaneti ai, amayenda pa fulashi. Si zachilendo. Vairasi yoyamba kufala pa makompyuta a mtundu umene timagwiritsa ntchitowu, yotchedwa Brain, idalembedwa mu 1986 ndi abale aŵiri a ku Lahore m'dziko la Pakistan, ndipo inkayenda pa madisiketi, aja ena a ife tidaŵagwirako. Lero fulashi ya mphunzitsi imachoka pa kompyuta ya sukulu, nkupita kukasindikiza mayeso pa sitolo ya pa msika pamene mafulashi 50 aloŵapo tsiku limenelo, kenaka kwa mnyamata woika nyimbo, madzulo nkubwerera ku sukulu. M'maŵa mwake mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi, ndipo mukadina ndi pamene mukuidzutsa vairasiyo. Kaŵirikaŵiri zolemba zanu zimakhala zilipo, zangobisidwa, choncho musathamangire kufufuta fulashi yonse musanaonetse wodziŵa. Koma njira yabwino ndi kukhala ndi fulashi yapadera ya ku sitolo, imene siloŵanso m'kompyuta ya ofesi isanapimidwe, kapena kutumiza chikalatacho kwa wosindikiza pa WhatsApp kapena pa imelo. Za mayeso zokha musatumize choncho. Pitani nokha, muimirire pomwepo, ndipo muone kuti afufuta mukamachoka.

Pali chizoloŵezi china chimene ndimachimvetsa koma sindigwirizana nacho. Kompyuta ikapempha kuti ilandire zokonza zatsopano kuchokera kwa eni pulogalamu, timakana poopa kutha kwa bandulo. Zoona, bandulo ndi ndalama. Koma zokonzazo ndi zigamba zotseka maenje amene akuba aŵatulukira. Mu May 2017 pulogalamu yofuna dipo yotchedwa WannaCry idagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150, ndipo zipatala zina za ku Britain zidabweza odwala. Chonsecho kampani ya Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chake mu March, miyezi iŵiri m'mbuyo. Ogwidwawo adali amene sadachiike. Ofesi iike m'bajeti bandulo ya ntchito imeneyi mwezi ndi mwezi, monga imachitira ndi choko kapena mapepala, ndipo mafoni nawonso azilandira zokonza zao.

Apa pali vuto la makompyuta amphatso amene ali m'sukulu ndi m'maparishi athu. Ambiri ali ndi Windows 7, imene Microsoft idaleka kuitumizira zigamba pa 14 January 2020. Windows 10 nayo nthaŵi yake yokhazikika idatha pa 14 October 2025. Sindikunena kuti muŵataye. Kompyuta yakale ikhoza kuphunzitsa ana kutaipa kwa zaka zambiri, bola isalumikizidwe ku intaneti, ndipo isakhale yoloŵera ku banki kapena yosungira kaundula. Za mapulogalamu othana ndi mavairasi, musavutike kugula kwa anyamata a mumseu. Windows yatsopano imabwera ndi wake, Microsoft Defender, ndipo kwa ofesi yaing'ono ndi wokwanira ngati akulandira zokonza. Choopsa ndi pulogalamu yokopera imene nthaŵi yake idatha zaka zitatu zapitazo: ili ngati galu wokalamba wopanda mano amene eni nyumba amagona tulo pomudalira.

Ndanena zambiri za akuba, koma kunena zoona mdani amene wameza zolemba zambiri m'dera lathu lino alibe foni. Ndi mphenzi ya mu January, magetsi obwera mwamphamvu atazima tsiku lonse, fumbi la mu October, tiyi wotayikira pa laputopu, ndi wakuba wamba woloŵera pa windo. Kompyuta iliyonse idzafa tsiku lina. Makolo athu ankadziŵa zimenezi pa nkhani ya mbeu. Chimanga chakudya chinkakhala m'nkhokwe, koma chambeu ankachipachika padera m'khitchini pamwamba pa moto, ndipo china ankasungitsa kwa mbale, kuti nkhokwe ikapsa chaka chamaŵa adzadzalebe. Zolemba zofunika zikhale m'malo atatu: m'kompyuta, m'fulashi kapena disiki yapadera, ndi kwina kunja kwa ofesi, kaya kunyumba kwa msungichuma kaya pa intaneti monga pa Google Drive. Disiki yosungirayo isamakhale chilumikizire ku kompyuta, chifukwa mphenzi kapena pulogalamu yofuna dipo idzatenga zonse ziŵiri pamodzi. Sankhani tsiku, tinene Lachisanu musanaŵeruke, ndipo ntchitoyo ikhale ndi mwini wake wodziŵika ndi dzina. Kamodzi pa teremu tengani fulashiyo mukaitsegule pa kompyuta ina, muone ngati zolembazo zikutsegukadi. Ndakumanapo ndi maofesi amene ankasunga mokhulupirika fulashi yopanda kanthu. Ndipo pepala musalinyoze. Kaundula wa ngongole ndi malikisi a ana zisindikizidwe pakutha pa teremu kapena pa nyengo, zisainidwe, ziloŵe m'kabati. Mvula ya ziphaliŵali ikayamba, zulani mapulagi ku khoma, kungozimitsa sikokwanira.

Foni kapena laputopu ikapita kokakonzedwa, kumbukirani kuti wokonzayo akhoza kuona zonse zili m'menemo, zithunzi ndi mauthenga omwe. Chotsani simu khadi ndi memori khadi musanaisiye. Mukamagulitsa kapena kupatsa mbale, ifufutidwe yonse kaye.

Nanga zikachitika? Choyamba ndi liŵiro, tsopano lanu. Imbirani kampani ya foni kapena banki nthaŵi yomweyo kuti atseke, poti ndalama zikangotapidwa kwa ejenti kuzipeza nkovuta. Foni yanu ikangoti zii, netiweki osaoneka pamene anzanu ali nayo, musadikire maŵa, chifukwa mwina wina watulutsa simu khadi ina pa nambala yanu. Sinthani mapasiwedi, chenjezani abale ndi magulu onse amene mulimo, ndipo mauthenga a wakubayo musafufute, ndiwo umboni. Kenaka kanenani ku polisi. Lamulo lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limati kuloŵa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo pansi pa bungwe la MACRA pali nthambi yolandira madandaulo a ziwembu za pa makompyuta. Mu 2024 kudabweranso lamulo la Data Protection Act, loteteza mbiri za anthu zimene ena akusunga. Inu amene mumasunga maina, manambala a ziphaso ndi mbiri za odwala kapena za ana, lamulo limeneli likukhudzani, ngakhale ofesi yanu ili ya chipinda chimodzi.

Chimene chimathandiza akuba koposa ndi manyazi athu. Mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito akaberedwa K300,000 sauza ngakhale mkazi wake, poopa kuti anthu adzati ophunzira onse aja apusitsidwa ndi foni. Choncho nambala yomweyo imapita kukaluma mnansi wake sabata yotsatira. Wina akabwera kudzatiuza kuti waberedwa, tisamuseke. Ndaona madokotala, abusa ndi oŵerengera ndalama akukodwa, chifukwa tsiku limene foniyo idalira adali ndi mwana wodwaladi, kapena ankayembekezadi katundu wochokera ku Joni.

Bambo Wapampando, nditsirize ndi za m'nyumba mwathu muno. Bungwe lathu limasonkha ndalama za fizi ya ana ovutika ndi za chipepeso pa maliro, ndipo zonse zimayenda pa gulu lathu la WhatsApp. Uthenga wa maliro ukabwera usiku ndi nambala yotumizirako, palibe amene amafunsa, poti kufunsa pa maliro kumaoneka kuuma mtima. Ndikupempha kuti msonkhano uno ugwirizane zinthu zitatu zisanathe zokambirana za masana. Nambala ndi akaunti yolandirira zopereka ikhale imodzi, yolengezedwa pano ndi kusindikizidwa m'kalata yathu ya nkhani, ndipo isasinthidwe ndi uthenga wa pa foni koma ndi msonkhano wa komiti. Ndalama zisatuluke popanda anthu aŵiri kuvomereza, ataimbirana ndi kumvana mau. Ndipo onse oyang'anira gulu la WhatsApp aike loko wachiŵiri uja lero lomwe, asanakwere minibasi.

Tikatha kudya ndikhala m'kalasi loyandikana ndi laibulale mpaka 4 koloko. Amene akufuna kuti tiikire limodzi loko ameneyu, kapena kusintha nambala yachinsinsi, abwere ndi foni yake ili ndi moto. Ine ndizingoloza pofunika kudina. Manambalawo mudina nokha, ine nditayang'ana kumbali.